Makhadi a chitenje akupindika akauma: pepala, guluu ndi mtengo wake

Naphiri (Kamuzu Road):
Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumapanga makhadi a mafuno abwino pamanja. Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala layandikira, ndiye ndikufuna kukonza makhadi 60 okhala ndi chitenje kutsogolo. Khumi oyeserera onse akauma akupindika ngati bwato, pena guluu akuonekera pamwamba pa nsalu, ndipo popinda pepala likusweka pamsana. Ndikugwiritsa ntchito manila ndi guluu woyera wa matabwa. Ndikulakwitsa pati? Nanga mtengo wogulitsira mumauwerengera bwanji?

Bambo a Tadala (Senga Bay):
Amayi, mavutowo ndi atatu osiyana, koma onse ayambira pa pepala. Pa paketi amalembapo nambala ya gsm, ndiko kulemera kwa pepalalo. La fotokope ndi 80. Manila wa kusukulu ndi wopepuka, sangasenze nsalu yonyowa ndi guluu. Khadi loti liime lokha pa tebulo limafuna 220 mpaka 300, ndipo pa chitenje 250 ndiye pabwino. Mukapitirira 300 kudula kumavuta komanso lezala amabuntha msanga.

Muyeso wosavuta ndi uwu: A4 ndi 210 mm kwa 297 mm. Mulidule pakati mupeze zidutswa ziwiri za A5, chilichonse 148 kwa 210. Chidutswa chimodzi muchipinde pakati, mwapeza khadi la A6, 105 kwa 148, lomwe limalowa bwinobwino mu envulopu ya C6. Ndiye kuti pepala limodzi likupatsani makhadi awiri.

Tsono za kusweka pamsana. Pepala lili ndi mitsempha ngati thabwa, imalowera mbali imodzi. Ligwireni ndi manja awiri, mulikhotetse pang'ono mbali iyi kenako mbali inayo. Kumene likuvomera mosavuta, mzere wopindira uyende motsatira kumeneko. A4 ambiri mitsempha yake imatsata mbali yaitali, n'chifukwa chake A5 yopindidwa kukhala A6 imapindika mwaulemu, pamene A4 yathunthu yopindidwa pakati imakonda kusweka. Manila wamkulu amene mumadula nokha uja muzimuyesa kaye musanalembe miyeso.

Ndipo pepala lokhuthala salipinda ndi zala zokha. Yalani nyuzipepala zitatu pansi, ikani rula yachitsulo pa 105 mm, mudutsitse bolopeni yotha inki kawiri mosindikiza kuti pakhale kanjira. Kanjirako kakhale kunja kwa khadi, kamzere kotukuka kalowe mkati. Mukapinda, ikani pepala loyera pamwamba n'kusalaza ndi kumbuyo kwa sipuni. Popanda pepala loyeralo sipuni imasiya mzere wonyezimira umene suchoka.

Nabanda (Linga, Nkhotakota):
Zoona zimenezo. Ine ndiwonjezere za guluu. Guluu woyera wa matabwa ndi wabwino, musamusiye, koma ali ndi madzi ambiri. Mbali yomwe mwapaka imafufuma, ikamauma imakhwinyata n'kukoka khadi lonse. Kupindika kuja ndi kumeneko.

Musamate nsalu pa khadi lenilenilo. Imateni kaye pa pepala la 80, chidutswa chachikulu ndithu ngati A4 yonse. Guluu apakidwe pa pepala, osati pa nsalu. Sakanizani masipuni atatu a guluu ndi sipuni imodzi ya madzi, mupake ndi kasiponji mopyapyala kwambiri moti pepala lizioneka. Dikirani mphindi imodzi kuti ayambe kunanda, ndiye muyale nsalu kuyambira pakati kupita m'mbali ndi chikhatho. Akaonekera pamwamba pa nsalu ndiye kuti wachuluka kapena mwayala adakali madzimadzi.

Mukatero muike pakati pa mapulasitiki awiri, mupsinje ndi thabwa ndi njerwa ziwiri usiku wonse. M'mawa chotsani mapulasitikiwo, muike pakati pa nyuzipepala zakale ndi pepala loyera mbali ya nsalu, mupsinjenso theka la tsiku kuti chinyontho chotsala chituluke. Chikauma gwa chimadulika ndi mpeni ngati pepala ndipo ulusi sutuluka m'mphepete. Dulani 85 kwa 128 mm kuti pa khadi patsale mpata wa 10 mm mbali zonse. Pomata pa khadi, kamzere kopyapyala ka guluu m'mphepete ndi kadontho pakati basi, n'kupsinjanso maola awiri kapena atatu.

Telala wa pa Chipoka:
Achemwali, nsalunso muziiona. Chitenje chatsopano chimabwera ndi sitachi, china ndi mafutamafuta pamwamba, ndipo guluu sagwira bwino. Chichapeni kamodzi ndi sopo pang'ono, muyanike pamthunzi, musite chidakali ndi kachinyezi. Poyesa ngati chimasuluka, nyowetsani kansalu koyera mukhule pa mtundu wofiira kapena wabuluu. Kakatenga mtundu, dziwani kuti guluu adzautengeranso pa khadi loyera.

Zathonje zimamata bwino. Zoterera zija zimakana guluu wa madzi, zimamatuka m'makona pakapita masiku. Mukakayikira, sololani ulusi muutenthe: wathonje umanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa, wapulasitiki umasungunuka n'kuuma kampira.

Njira ina yosanyowetsa n'komwe ndi stiff, ija timalimbitsira makolala. Mbali yonyezimira igunde kumbuyo kwa chitenje, muike nsalu yopyapyala pamwamba, simbi muitsindike malo amodzi masekondi 10 mpaka 15, muinyamule, mupite pena. Osaikoka ngati mukusita malaya. Simbi yamakala samalani ndi phulusa.

Chitenje chimodzi ndi pafupifupi mamita awiri, mulifupi masentimita 115. Pa masamu mungatulutse zidutswa pafupifupi 180, koma mukamasankha duwa kuti likhale pakati zimachepa kwambiri. Maluwa akuluakulu oyenera diresi saoneka kanthu pa khadi laling'ono, sankhani timaluwa tating'ono. Ndipo musanagule chathunthu, funsani zidutswa kwa atelala, zambiri zimangosesedwa madzulo.

Mayi a Upile (Lifuwu):
Nanga phala la ufa wa chinangwa? Limagwira pepala mwamphamvu ndipo silidula. Sipuni imodzi ya ufa wosefa bwino, masipuni asanu ndi limodzi a madzi, kutakasa pa moto wochepa mpaka lichite mbee ngati galasi, kuziziritsa, kusefa pa kansalu. Pa maenvulopu silichita makwinya ambiri.

Nabanda (Linga, Nkhotakota):
Kugwira limagwiradi amayi, kuno kwathu kwa kondowole tikulidziwa. Koma pa katundu wogulitsa ayi. Ndi chakudya chimenecho: mphemvu ndi nyerere zimanyambita mzere wonse wa phala n'kuboola pepala, ndipo mvula ikayamba limachita chuku. Khadi munthu amalisunga m'Baibulo kapena m'sutikesi zaka zambiri. Phala likhale loyeserera mapangidwe ndi lophunzitsira ana.

Mayi a Upile (Lifuwu):
Pa khadi ndavomera. Pa envulopu yoti ing'ambidwa sabata yomweyo sindikuona vuto, bola phala lophika tsiku lomwelo, osagoneka.

Che Bwanali (Khombedza):
Guluu wachikasu wonunkha wa nsapato uja asayandikire n'komwe. Amalowerera, pakapita miyezi pamatuluka banga lachikasu kutsogolo. Wa supa amaumitsa nsalu n'kuidetsa. Wa ndodo wa ana asukulu amamatuka kukatentha, ndipo kutentha kwa Okutobala kuno ku Salima mukukudziwa. Ameneyu ndi wongomatira kapepala ka mkati basi.

Pa nyengo yotenthayi guluu woyera amauma m'mbale musanamalize, ndiye muzithira pang'onopang'ono m'chivindikiro cha botolo, ndipo ntchito yomata ikhale ya m'mamawa.

Bambo a Tadala (Senga Bay):
Pali kapangidwe kena kamene kamathetsa zonse ziwiri, kupindika ndi ulusi wa m'mphepete: khadi la zenera. Tengani A4, mulembe tinjira pa 99 mm ndi pa 198 mm kuti pakhale zigawo zitatu. Chigawo chapakati ndiye nkhope, mubowolepo zenera, kaya la makona anayi, la mtima, kapena la mapu a Malawi. Nsalu muidule yokulirapo ndi 10 mm kuposa zenera mbali zonse, muimate kumbuyo kwa zeneralo m'mphepete mokha. Chigawo chakumanzere muchichepetse ndi 2 mm, muchipindire mkati chivindikire nsaluyo, mumate. Mukapanda kuchepetsa chimagunda pamsana ndipo khadi silitsekeka. Nkhope imakhala ya mapepala awiri, ndiye imalimba ngakhale pepala litakhala la 200.

Khadi lotere limatuluka 99 kwa 210, lolowa mu envulopu yaitali ya DL, 110 kwa 220, ija ya makalata a ku ofesi. Imeneyo imapezeka paliponse, pamene C6 nthawi zina mpaka kukaisaka ku Lilongwe. Dziwani kuti apa mukupinda mopingasa mitsempha, ndiye bolopeni idutse katatu.

Pobowola zenera yambani pa kona kupita pakati pa mzere, kenako kuchokera kona inayo, kuti mpeni usapitirire. Rula ikhale pa mbali yomwe mukusunga, mpeni ukaterereka uwononge chotaya. Dulani kawiri kapena katatu mopepuka, osati kamodzi ndi mphamvu. Mukaona m'mphepete mwayamba ubweya, thyolani nsonga yobunthayo ngati ndi mpeni wodulira mapepala uja wa nsonga zothyola, musaumire. Pansi pakhale galasi lokhuthala kapena katoni yolimba, thabwa limakoka mpeni kutsata mitsempha yake.

Naphiri (Kamuzu Road):
Zikomo kwambiri, maso atseguka. Mawu a mkati ndizilemba pamanja kapena ndikasindikize?

Aphunzitsi Opuma (Dwangwa):
Mwana wanga, pa khadi lenilenilo musalembepo chilichonse. Chilembo chimodzi chikalakwika mwataya ntchito yonse. Mawu apite pa kapepala ka mkati ka 80 kapena 100 gsm. Pa khadi la A6 kadulidwe 142 kwa 204 mm, kapindidwe pakati, kuti kasasuzumire kunja. Kamatidwe ndi kamzere kamodzi ka guluu pafupi ndi msana, mbali yakumbuyo yokha. Mukamata mbali zonse ziwiri kamang'ambika potsegula.

Kokasindikiza funsani makina ake. A inki yamadzi amatulutsa mitundu yokongola, koma dontho la thukuta lokha limafalitsa zilembo. A inki yaufa, monga a fotokope, saopa madzi, koma inkiyo imasweka ikakhala pa mzere wopindira, ndiye mawu atalikire msana. Makina ambiri a m'mashopu amakana pepala loposa 200, n'chifukwa chinanso chosindikizira kapepala ka mkati kokha. Pa A4 imodzi pamakwana timapepala tiwiri.

Wa dzanja labwino alembe pamanja, anthu amakonda. Mizere ya pensulo yopepuka, kulemba, kudikira mphindi 10, kenako kufufuta. Mukafufuta msanga inki imapaka.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi Chichewa chake. Makhadi a m'sitolo pafupifupi onse ndi a Chingerezi, ndipo mayi wa kumudzi amachita kumuwerengera. Mphamvu yathu ili pamenepo. "Zikomo amayi pondilera", "Mulungu akupatseni masiku ambiri", "Muchire msanga", "Tili nanu limodzi pa chisonichi". Mawu ochepa, malo otsala wogula alembepo zake. Dzina la munthu musalilembe pongomva pa foni. Alitumize cholemba, inu mubweze chithunzi, avomereze. L ndi R zataya makhadi ambiri.

Che Bwanali (Khombedza):
Envulopu ikasowa pangani nokha ndi A4 imodzi. Liimikeni pepala chotalika. Lembani tinjira tiwiri totsika, 24 mm kuchokera m'mbali zonse ziwiri, pakati patsala 162. Kenako tiwiri topingasa, pa 73 mm ndi pa 187 mm kuchokera pamwamba. Chigawo chapakati ndi 114, chapansi 110. Dulani timizere ta m'mbali pa chigawo chapamwamba ndi chapansi, tisiyeni pa chapakati pokha. Pindani timapikoto mkati, pakani guluu pa ito, kwezani chigawo chapansi chigone pamwamba pake. Chapamwamba ndicho chotsekera, mungachidule makona. Pomata lowetsani kapulasitiki mkati kuti envulopu isadzimate yokha. Pepala la khaki limaoneka bwino kuposa loyera ndipo silionetsa zala. Dulani chitsanzo chimodzi pa katoni muzingojambulira.

Nangozo (Senga Bay):
Chitenje si chokhacho. Alendo obwera kunyanja amatola msanga makhadi a makungwa a nthochi ndi a mchenga.

Makungwa: sendani ouma okha pa thunthu, amawangamawanga aja ndiwo okongola, ena ofiirira, ena akuda, ena ngati golide. Apukuteni ndi nsalu yonyowa kuti afewe, mupale chinkhupule cha mkati ndi mpeni mpaka patsale khungu lopyapyala. Sitani pansi pa nsalu ndi simbi yotentha bwino. Kusitako kumawongola komanso kumapha tizilombo tobisala. Mukadumpha sitepe imeneyi mudzapeza ufa m'pulasitiki ndi timabowo pa khadi. Amang'aluka motsata mitsempha, ndiye zopyapyala ngati nkhafi kapena miyendo ya munthu muzidula motsatira mitsemphayo, ndi sizasi yaing'ono yakuthwa. Guluu wosasungunula, kupaka ndi kamtengo ka machesi. Bwato ndi msodzi, mayi wosenza mtsuko, mlambe, nkhwazi, chilumba cha Namalenje dzuwa likutuluka, zimenezi sizikhalitsa.

Mchenga: utsukeni katatu mpaka madzi ayere, uume tsiku lonse padzuwa, musefe ndi sefa ya tiyi. Jambulani ndi guluu wosasungunula, wazani mchenga wambiri, dikirani mphindi 20, gwedezani. Ukauma dontheza pamwamba guluu wosungunula, gawo limodzi ku magawo atatu a madzi, osakhula ndi burashi. Popanda zimenezi umayoyokera mu envulopu. Mchenga wosatsuka uli ndi dothi, guluu amasanduka matope. Izinso zipangidwe pa kachidutswa kapadera kenako n'kumata pa khadi, monga anenera aNabanda.

Nkhono ndi njere ndi zokopa, koma zimaboola envulopu, ndipo maiko ena monga Australia ndi New Zealand amakhwimitsa kwambiri za mbewu ndi zomera pa chipata. Mlendo wodziwa amazisiya. Muzikhala ndi ena a nsalu kapena a penti okhaokha.

Mayi a Upile (Lifuwu):
Maluwa ouma nawo. Bougainvillea amauma bwino pakati pa nyuzipepala pansi pa mabuku, masiku 10 mpaka 14, kusintha nyuzipepala pa tsiku lachitatu. Othyola masana mame atauma. Maluwa onenepa a madzi ambiri amada n'kuola. Koma onse amasuluka akaona dzuwa, musawayale poyera.

Nabanda (Linga, Nkhotakota):
Za kasungidwe tisaiwale, chifukwa kunyanja kuno kuyambira Disembala mpaka Malichi pepala limamwa chinyezi ngakhale lili m'nyumba. Khadi lowongoka lero mawa lapotoka, maenvulopu adzimata okha. Mapepala agone chafulati m'chidebe cha pulasitiki chotseka bwino, pamwamba pa tebulo, osati pa simenti kapena kutsamira khoma, kumene kulinso chiswe. Muikemo timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Timapaketito tikakhuta chinyezi muzitiyanika padzuwa lamphamvu.

Khadi lisalowe m'pulasitiki yogulitsira lisanathe masiku awiri chiumire. Mukafulumira, likangoona dzuwa pulasitiki imachita thukuta mkati, inki imafalikira, pakapita sabata madontho akuda a chuku.

Ndipo nkhungu zikatuluka m'nyanja musamate usiku pa nyali. Zimathamangira kuwala, zimagwera pa guluu wonyowa, ndipo pozichotsa zimasiya banga. Nthawi ya mwera vuto ndi fumbi: zouma zivindikiridwe, manja asambidwe pafupipafupi, pafupi pakhale kansalu konyowa kopukutira zala za guluu. Khadi loyera lokhala ndi chala chakuda palibe amaligula, kaya likongole bwanji.

Achimwene a ku Chia:
Funso langa: alipo amene akudziwa kupanga pepala lenilenilo? Ku Blantyre a bungwe lopanga mapepala pamanja la PAMET adatchuka nalo, mpaka la ndowe za njovu. Pakhomo zingatheke?

Nangozo (Senga Bay):
Zimatheka achimwene, zida zake n'zapakhomo. Mapepala otha ntchito a m'maofesi ndi makope akale, osati nyuzipepala chifukwa imatuluka yotuwa ndi yofooka. Ng'ambani tizidutswa ta masentimita awiri, viikani usiku wonse, sinjani mu mtondo wosagwiritsanso ntchito pa chakudya mpaka zikhale phala. Kuyesa kwake: katengeni pang'ono muike m'botolo la madzi, mukhutchumule. Mukaona tizidutswa, sinjaninso.

Mafelemu awiri ofanana a timatabwa, mkati mwake 160 kwa 220 mm kuti mudzadule A5 yoongoka. Imodzi muikhomere gozi wa pa zenera womangika ngati ng'oma, inayo ikhale yopanda kanthu, yongosanjika pamwamba. Neti ya udzudzu ayi, ili ndi mankhwala komanso imatamuka. M'beseni lalikulu thirani madzi malita 10 ndi phala lodzaza manja anayi, muonjezere masipuni awiri a guluu woyera kuti inki isadzafalikire polemba. Takasani, lowetsani mafelemu chopendekera, muwongole pansi pa madzi, mukweze pang'onopang'ono uku mukugwedeza mbali zonse. Madzi akakha chotsani felemu yapamwamba, vundikirani pa nsalu yathonje yonyowa, yamwani madzi kumbuyo kwa gozi ndi siponji, nyamulani kuyambira mbali imodzi. Sanjikizani nsalu, pepala, nsalu mpaka 10, mupsinje pakati pa matabwa ndi miyala ola limodzi. Yanikani pamthunzi pepala lili pa nsalu yake. Padzuwa limauma mothamanga n'kukhwinyata. Onjezerani dzanja limodzi la phala pakatha mapepala awiri alionse, apo ayi otsatira amapyapyala.

Kuti lilimbe sakanizani ndi ulusi wa nthochi kapena wa namasupuni: dulani masentimita atatu, wiritsani m'chidulo maola awiri kapena atatu mpaka uziphwanyika ndi zala, tsukani kwambiri, sinjani. Gawo limodzi ku magawo atatu a phala la mapepala. Mphika ukhale wadothi kapena wachitsulo, chidulo chimadya aluminiyamu. Pepala lotere silipindika mwaukhondo, ndiye ndi bwino likhale chidutswa cha kutsogolo pa khadi logula.

Bambo a Tadala (Senga Bay):
Tibwerere ku mtengo, amayi adafunsa. Mitengo ya zinthu ikusintha mwezi ndi mwezi, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muikemo anu a lero.

Tinene kuti paketi ya mapepala 100 mwagula K30,000. Pepala limodzi K300, khadi limodzi K150. Kapepala ka mkati ndi kusindikiza K50, envulopu K100, nsalu K60, guluu ndi mpeni K40, pulasitiki K100. Zakwana K500. Pa makhadi 10 limodzi limaonongeka, onjezani K50. Thiransipoti yokagula zipangizo ndi bandulo ya foni, gawani pa makhadi onse, tinene K100. Tafika K650, ndipo ambiri amaimira pomwepa, kugulitsa K800 n'kumati apindula. Nthawi yanu ili kuti? Ngati khadi likudya mphindi 20 ndipo ola lanu mwaliika pa K1,500, ndi K500 ina. Ndiye K1,150 musanapeze phindu lililonse. Pansi pa K1,500 mukungogwirira ntchito ena, ngakhale zitakhala zongokonda.

Mukasiya katundu pa shopu ya malo ogona alendo, amadulapo gawo lawo. Apa pamalakwika masamu. Akati atenga 25 pa 100 ndipo inu mukufuna K1,500, musaonjezere 25 peresenti pa K1,500, chifukwa K1,875 akadulapo mutsala ndi K1,406. Gawani K1,500 ndi 0.75, mtengo wa pa shelefu ndi K2,000. Mulembe m'kope makhadi angati, a mtundu wanji, tsiku, asainire, ndipo mugwirizane kuti lodetsedwa kapena losowa alipira ndani. Kawerengeni mwezi uliwonse. Musasiye oposa 20 poyamba.

Che Bwanali (Khombedza):
Oda ya dzina, ya ukwati kapena ya chinkhoswe, theka la ndalama lilowe kaye pa Airtel Money kapena Mpamba musanadule pepala. Khadi lolembedwa dzina la munthu simungagulitsenso kwina. Ndalama yotapira muiwerengeremo.

Ndipo musaiwale kuti Salima ndi Nkhotakota kuli Asilamu ambiri. Makhadi a Eid amasowa. Mwezi ndi nyenyezi, nyali, mizere yolukanalukana, mtundu wobiriwira kapena wagolide, osaikapo zithunzi za anthu ndi nyama. Mawu akuti Eid Mubarak akwanira. Ndime za Qur'an musalembepo, khadi limatha kugwa pansi kapena kutayidwa. Tsiku lake limabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, ndiye muzifunsiratu.

Aphunzitsi Opuma (Dwangwa):
Misika ndi iwiri ndipo safuna zofanana. Mlendo amafuna mkati mopanda mawu, kumbuyo kolembedwa kuti lapangidwa pamanja ku Malawi, ndipo amakonda asanu omangidwa pamodzi ndi kaluzi. Wa konkuno amafuna mawu, dzina, kuwala, ndi khadi lalikulu la A5 loti lionekere pa perekaniperekani. Amagulanso envulopu yokongoletsa yoikamo ndalama, imene imatha mphindi zisanu kupanga.

Nyengo zake: 14 Febuluwale, Pasaka, maukwati kuyambira anthu akakolola mpaka mvula isanagwe, zotsatira za mayeso, 15 Okutobala, Khirisimasi. A Khirisimasi apangidwe mu Okutobala ndi Novembala kudakali kouma. Zitenje za zipani ndi za mipingo zisiyeni pokhapokha eni ake ataitanitsa.

Nangozo (Senga Bay):
Chithunzi cha pa WhatsApp ndi Facebook: m'mawa, pakhonde pamthunzi, pepala loyera pansi ndi kumbuyo, khadi litaima chotsegula pang'ono, envulopu pambali. Fulashi imapha mtundu wa chitenje. Mtengo ulembedwe pomwepo. Potumiza ku Lilongwe pa basi, makhadi akhale pakati pa makatoni awiri olimba, kukulunga m'jumbo, n'kulemba kuti asapinde.

Naphiri (Kamuzu Road):
Ndathokoza nonse. Kwatsala masabata atatu. Makhadi 60 ndiyambire pati kuti ndisapanikizike?

Nabanda (Linga, Nkhotakota):
Musapange limodzilimodzi mpaka kutha, chitani ntchito imodzi pa onse. Gulani mapepala 35 a 250, apereka makhadi 70, khumiwo ndi a ngozi. Tsiku loyamba chapani ndi kusita nsalu. Lachiwiri matani nsalu pa mapepala a 80. Pa A4 imodzi pamatuluka zidutswa zinayi za 85 kwa 128, ndiye mukufunika mapepala 18. Apsinjeni m'milu iwiri, mulu umodzi wautali suuma pakati. Pamene akuuma dulani ndi kupinda makhadi onse. Kenako tsiku lodula zidutswa, tsiku lomata, masiku awiri ouma. Mapangidwe asapitirire anayi.

Asanu oyamba muwajambule sabata yoyamba yomweyi kuti maoda ayambe kulowa, chifukwa ana okhala ku Lilongwe ndi ku Johannesburg amafuna wina akapereke khadi kwa mayi awo kuno, ndipo kukaperekako mulipiritse padera. Timapepala ta mkati ta mawu wamba sindikizani 40, otsalawo adikire maina. Tsekani maoda a maina pa 10 Okutobala.

Telala wa pa Chipoka:
Pa mapepala 18 amenewo chitenje chimodzi chikwana n'kutsalako. Koma poti mapangidwe ndi anayi, theka la mita pa mtundu uliwonse ndi lokwanira: mulifupi mwa 115 mumatuluka ma A4 asanu, kutalika kwake 297 kukugona m'theka la mitalo. Mphepete yolembedwa dzina la fakitale ija muidule kaye musanayeze.